Boma liyikepo ndalama zake pa kafukufuku wa mankhwala

Achinyamata anzathu a m'makalabu kuno ku Domasi, abale athu ambiri amalandira ma ARV ku chipatala cha Domasi kapena ku Zomba Central. Kodi tinadzifunsapo kuti madokotala anadziwa bwanji kuti mankhwalawa amathandiza? Yankho lake ndi kafukufuku. Mankhwala asanafike pawindo la chipatala amayamba ayesedwa kaye pa anthu odzipereka, ndipo ena mwa anthuwo ndi Amalawi anzathu.

Titenge chitsanzo cha kafukufuku wotchedwa HPTN 052. Anachitika m'maiko 9 pa mabanja 1,763 omwe mmodzi anali ndi kachilombo ka HIV pamene mnzake analibe. Kuno kwathu anachitikira ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mu 2011 zotsatira zinaonetsa kuti munthu akayamba ma ARV msanga, chiopsezo chopatsira mnzake kachilombo chimatsika ndi 96 peresenti. Kuyambira mu 2016, aliyense wopezeka ndi kachilombo m'dziko muno amayamba mankhwala osadikira kuti chitetezo cha m'thupi chitsike.

Amayi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anatenganso mbali pa kafukufuku wa HPTN 084, yemwe mu 2020 anatsimikiza kuti jakisoni wa cabotegravir, wobaya kamodzi pa miyezi iwiri, amateteza amayi ku HIV. Ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa anathandiza kuyesa katemera wa tayifodi, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2023.

Vuto ndi lakuti ndalama zambiri zoyendetsera ntchitoyi zakhala zikuchokera kunja. UNC Project ku Lilongwe ndi Johns Hopkins Project ku Blantyre akhala akudalira kwambiri boma la America, pamene Malawi-Liverpool-Wellcome imadalira bungwe la Wellcome la ku Britain. Tikuwathokoza. Koma akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake ku maiko akunja, ndipo tinaona tokha momwe ntchito zolimbana ndi Edzi zinagwedezekera.

Malo ochitira kafukufuku si nyumba yokha ayi. Pamafunika anamwino ophunzitsidwa bwino, akatswiri a mu labotale, mafiriji osungira magazi, jenereta ndi alangizi oyendera anthu m'makomo. Kuphunzitsa anthu amenewa kumatenga zaka. Malipiro akaima miyezi yochepa chabe, iwo amabalalika kukafuna ntchito kwina, ena kunja kwa dziko.

Ena anena kuti boma lingapereke bwanji ndalama ku kafukufuku pamene zipatala zikusowa ngakhale panado? Funsoli ndi lomveka. Ife sitikunena kuti boma lisenze lokha katundu yense. Tikunena kuti lizilipira maziko ake: malipiro a ogwira ntchito okhazikika, magetsi, makina ndi maphunziro a akatswiri ku Kamuzu University of Health Sciences. Zithandizo zakunja zizibwera kudzaonjezera. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kupatula 15 peresenti ya bajeti kupita ku zaumoyo. Mu 2008 ku Bamako maiko anapemphedwa kupatula 2 peresenti ya ndalama za unduna wa zaumoyo kupita ku kafukufuku. Ife tikungopempha kuti mawuwa asanduke ntchito.

Tisaiwalenso kuti wopereka ndalama ndiye amasankha funso loti lifufuzidwe. Tikafuna mayankho pa likodzo m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kapena pa chifukwa chomwe achinyamata ena amasiyira kumwa ma ARV, tiyenera kuikapo zathu.

Nanga ife tichitepo chiyani? Choyamba, tifunse aphungu ndi makhansala athu kuti bajeti ya zaumoyo yapatula zingati za kafukufuku. Chachiwiri, tithetse mphekesera. Nkhani za anamapopa za mu 2017 zinaphetsa anthu m'chigawo chino cha kum'mwera, ndipo mantha otere amabwezeretsa kafukufuku m'mbuyo. Chachitatu, tidziwe ufulu wathu. Kafukufuku wa mankhwala amayamba wavomerezedwa ndi makomiti monga COMREC kapena NHSRC komanso bungwe la PMRA. Palibe wokakamizidwa kulowa, ndipo wolowa ali ndi ufulu wosiya nthawi iliyonse osalandidwa chithandizo cha kuchipatala.

Tiyeni nkhaniyi tikaikambirane pa msonkhano wotsatira wa kalabu yathu, kenaka tilembe kalata kwa phungu wa dera lathu. Amalawi anapereka magazi awo ndi nthawi yawo. Boma nalo lipereke gawo lake.