Ndemanga: Galu aliyense ali ndi mwini wake

Nthawi zonse mwana akalumidwa ndi galu m'komboni, mfuu imakhala imodzi: khonsolo ibwere ndi mfuti. Khonsolo nayo imalengeza pa wailesi kuti agalu onse oyendayenda adzaphedwa. Agalu amagwa, anthu amaomba m'manja. Ikangopita miyezi yocepa, agalu ena adzazanso pa misika ndi potayira zinyalala, ndipo mwana wina ali pa mzere ku kiliniki ndi bala pa mwendo.

Ife tikuti mfuti siidzathetsa bvuto limeneli. Agalu ambiri amene timati ndi osokera si osokera konse. Madzulo amadziwa khomo limene amagona. Mwini wake alipo. Anatenga kagalu kuti kazilonda nyumba usiku, koma cakudya sapatsa, mpanda palibe, ndipo katemera sanamuganizireko. Galu akaluma munthu, mwini yemweyo ndiye woyamba kunena kuti galuyo samudziwa.

Nkhani iyi ndi ya moyo ndi imfa cifukwa ca matenda a ciwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciri conse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia. Pa anthu 100 otenga matendawa, mpaka 99 amawatenga kwa galu, ndipo pa anthu 10 amene amafa, anayi ndi ana osafika zaka 15. Kacirombo kake kamakhala m'malobvu a galu wodwala. Kakalowa pa bala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka ku ubongo, nthawi zambiri kwa miyezi iwiri kapena itatu. Bala limapola, banja limaiwala. Koma munthu akayamba kuopa madzi ndi kubwebweta, palibe dotolo amene angamubweze.

Bungwe lomweli linanena kale kuti kupha agalu pakokha sikuletsa ciwewe. Cimene cimaletsa ndi kubaya katemera agalu 70 pa 100 alionse m'dera. Mfuti siifunsa ngati galu anabayidwa kapena ai. Imapha ndi wobayidwa yemwe, ndipo mwini wake mawa amakatenga kagalu kena kosabayidwa. Potero tabwerera m'mbuyo.

Lamulo tiri nalo. Control of Dogs Act, Caputala 247 ca malamulo a Zambia, lakhalapo kuyambira nthawi ya atsamunda. Limanena za kulembetsa agalu, kuwasunga bwino ndi kupewa ciwewe. Cosowa ndico kulitsata. Mwini galu abayitse galu wake akakwana miyezi itatu, abwereze monga a ofesi ya ziweto amuuzira, ndipo asunge cikalata cake. Amulembetse ku khonsolo. Amusunge mu mpanda, amudyetse, amupatse madzi. Kumangirira galu pa cingwe cacifupi padzuwa tsiku lonse si kusunga, ndi nkhanza, ndipo galu wozunzidwa ndiye amalusa. Amene alibe mphamvu yodyetsa agalu anayi asunge mmodzi.

Makhonsolo nawo asamangokumbukira lamuloli pamene munthu wafa. Mai wa ku Kanyama kapena ku Mandevu sangakweze galu mu minibasi kupita naye m'tauni. Agogo a m'midzi ya ku Katete ndi Lundazi sangayende naye makilomita ambiri kukafika ku boma. Katemera ndi kaundula zibwere kumene kuli agalu: pa sukulu, pa msika, pa bwalo la a nyakwawa, pa tsiku lodziwika caka ciri conse. Ndalama zimene khonsolo imatolera polembetsa agalu zioneke nchito yake. Zinyalala zicotsedwe msanga, cifukwa ndizo zimasonkhanitsa agalu. Unduna wa Zaumoyo nawo uonetsetse kuti katemera wa anthu olumidwa akupezeka m'zipatala za m'maboma, kuti wosauka asatumizidwe kukagula ku sitolo ya mankhwala.

Kwa makolo tikuti: mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo. Musapake phulusa, mcere kapena tsabola. Musadikire kuti muone ngati galuyo apenga. Mukayamba nyeleti, tsirizani zonse monga anamwino akuuzirani. Phunzitsani ana kuti asabise akalumidwa poopa kukwapulidwa, ndipo asaponye miyala agalu.

Udindo wa mwini ciweto si nzeru yacilendo. Buku la Eksodo, mutu 21, limasiyanitsa ng'ombe imene yagunda munthu mwadzidzidzi ndi ng'ombe imene mwini wake anacenjezedwa kale koma sanaitsekere. Pa yaciwiriyi mlandu wa imfa umagwera mwiniyo. Amene amadziwa kuti galu wake ndi wolusa ndi wosabayidwa, nkumusiya kuti aziyenda m'njira ya ana a sukulu, asaganize kuti pamaso pa Mulungu manja ake ndi oyera.

Pa 28 September caka ciri conse dziko lonse limakumbukira za ciwewe. Ndi tsiku limene anamwalira Louis Pasteur, amene mu 1885 anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu pomubaya katemera woyamba. Maiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi ciwewe cocokera kwa agalu. Mipingo, miphakati, mafumu ndi makhansala alengeze masiku a katemera monga amalengezera maliro ndi misonkhano. Inu amene muli ndi galu pa khomo, funani cikalata cake lero. Ngati palibe, pitani ku ofesi ya ziweto sabata ino. Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.