Chikome-kome cha mkuyu m'misika yathu

Nyengo yogulitsa fodya ndi mbatata ikafika, alimi ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amafuna kugula katundu wa m'nyumba monga kama, tebulo kapena kabati. Palibe cholakwika pamenepa, pakuti munthu amene wakhetsa thukuta chaka chonse ayenera kugona pabwino. Koma tsamba lino likufuna kuchenjeza anthu athu za makabati ndi matebulo onyezimira amene achuluka m'masitolo ndi m'misika ya m'malire.

Katundu ameneyu amaoneka ngati wa mlombwa kapena mbawa, chonsecho si wa matabwa ayi. M'kati mwake muli utuchi ndi tizidutswa ta mitengo tomatidwa ndi guluu n'kupsinjidwa pa makina. Pamwamba amamatapo kachikopa ka mtengo weni-weni kosakwana milimita imodzi kuchindikala kwake, kapena chipepala cholimba chojambulidwa mizere ya thabwa, chimene akalipentala amachitchula fomika. Akulu-akulu anati chikome-kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sitikunena kuti zinthu zimenezi n'zachabe kotheratu. M'nyumba ya m'tauni, ya simenti pansi ndi malata osadontha, kabati yotere ikhoza kukhalitsa, ndiponso chipika chimodzi chikasengedwa mopyapyala chimakuta mipando yambiri. Koma nyumba zambiri za kumudzi n'zozira ndi dothi, ndipo madenga a udzu amadontha mu Januwale ndi Febuluwale. Utuchi ukamwa madzi umafufuma ndipo subwereranso. Kachikopa kaja kamamatuka, msomali ukazuka sugwiranso, ndipo kabati ikakwera ngolo pa msewu wa zigwembe imafika kunyumba itagwedera kale. Thabwa leni-leni likakalamba kalipentala amalipala n'kukhalanso latsopano, pamene utuchi wofufuma ntchito yake ndi pamoto basi.

Choncho musanatulutse ndalama, yang'anani kumbuyo ndi kunsi kwa katunduyo. Onani m'mphepete ngati mwamatidwa kalamba kobisa za m'kati. Mizere ya thabwa leni-leni imaonekera mpaka podulira, pamene ya fomika imathera pamwamba pokha. Mufunseni wogulitsa mosaopa, chifukwa safunsa anadya phula.

Ena adzati akugula za utuchi chifukwa matabwa abwino akwera mtengo. N'zoona, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Kwa zaka zambiri magalimoto akulu-akulu anali kutuluka m'nkhalango za chigawo cha Tete atasenza zipika, ulendo wa ku doko la Beira, ndipo zambiri zinapita ku China. M'chaka cha 2016 Nyumba ya Malamulo inaletsa kutumiza kunja zipika zosacheka kuyambira mu 2017, ndipo chaka chomwecho cha 2017 boma linalanda mitengo yambiri yodulidwa mwakuba pa ntchito imene inatchedwa Operação Tronco. Koma mlombwa umakula pang'ono-pang'ono, ndipo umene wagwa lero, mwina adzukulu ndiwo adzaone wolowa m'malo mwake. N'zomvetsa chisoni kuti mudzi ulole mitengo yake kupita ndi alendo pa ndalama zochepa, kenaka eni ake n'kumagula utuchi wovala jekete.

Tikupempha mafumu ndi anyakwawa kuti asalole munthu kudula mitengo m'dera lawo popanda kuonetsa chiphaso cha boma. Malamulo a nkhalango a 2002 ananena kuti magawo 20 pa 100 a msonkho wodulira mitengo azibwerera kwa anthu a m'deralo. Mudzi uliwonse kumene kunadulidwa mitengo uli ndi ufulu wofunsa ku ofesi ya boma kuti ndalama zimenezo zinafika pati.

Nawonso akalipentala athu asatichititse manyazi. Aziumitsa matabwa asanakhome, azimaliza ntchito pa tsiku limene alonjeza, ndipo akagwiritsa ntchito fomika kapena utuchi azimuuza mwini katundu poyera. Akatero anthu adzabwerera kwa iwo, ndipo ndalama ya fodya idzazungulira m'boma mwathu momwe muno.

Kwa inu alimi, mau athu ndi awa: ngati ndalama sizikukwanira tebulo ndi kabati, gulani tebulo limodzi la thabwa leni-leni chaka chino, kabati idikire chaka chamawa.