Dzina la magazini ya sayansi si umboni

Masiku ano m'magulu a WhatsApp mumayenda mauthenga onena kuti asayansi apeza kuti mankhwala akutiakuti ndi oipa, ndipo amatchula magazini ya sayansi ngati umboni. Abale ndi alongo m'Chisilamu, dzina lokha silokwanira. Zomwe zinachitikira magazini ya Medical Hypotheses zitiphunzitse.

Magazini odalirika asanasindikize kafukufuku amamutumiza kaye kwa akatswiri ena a ntchito yomweyo kuti amuunike ndi kusaka zolakwika. Medical Hypotheses, yomwe inayamba mu 1975, sinkatero. Mkonzi yekha ndiye ankasankha zosindikiza, ati pofuna kupereka mpata ku maganizo atsopano.

Mu 2009 magaziniyi inatulutsa nkhani ya Peter Duesberg, pulofesa wa ku Berkeley ku America, amene kwa zaka zambiri ankakana kuti HIV ndiyo imayambitsa Edzi. Nkhaniyo inali itakanidwa kale ndi magazini ina imene imaunika. Asayansi atadandaula, kampani ya Elsevier, yomwe ndi mwini magaziniyo, inachotsa nkhaniyo n'kuipereka kwa akatswiri asanu, ndipo onse anaikana. Mu 2010 mkonzi Bruce Charlton anachotsedwa ntchito atakana kusintha kachitidweko.

Maganizo oterewa si nkhambakamwa chabe. Mu 2000 Duesberg anali m'gulu la alangizi a Pulezidenti Thabo Mbeki, pamene boma la South Africa linkazengereza kugawa ma ARV. Ofufuza a ku Harvard anawerengera mu 2008 kuti kuzengerezako kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000, ndipo nkhani ya Duesberg ija inalembedwa potsutsa chiwerengero chimenechi.

Ife Asilamu muyeso tili nawo kale. Surat Al-Hujurat ndime 6 ikutilamula kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu, kuopa kuvulaza anthu mosadziwa. Imam Bukhari, Allah amuchitire chifundo, sankalandira Hadith chifukwa choti yamveka bwino. Ankafufuza aliyense mu mndandanda wa oifotokoza, kukhulupirika kwake ndi kusunga kwake mawu.

Nafenso tisanatumize uthenga tidzifunse: anaunika ndani? Akatswiri ena akuti chiyani? Amene akumwa ma ARV kapena mankhwala ena asasiye chifukwa cha uthenga wa pafoni, koma akafunse kuchipatala. Moyo ndi amana yomwe tidzafunsidwe nayo. Allah ndiye Wodziwa koposa.