Dzino la mwana musalipereke kwa aliyense wogwira pulayazi

Anzanga a m'mbali mwa nyanja, injini ya boti ikangotsokomola pang'ono timafunsa gombe lonse kuti makaniko wabwino ndi ndani. Koma mwana wa zaka zinayi akalira usiku wonse ndi dzino, timam'tengera kwa bambo aliyense amene tamva kuti "amazula". Ine izi zimandiwawa.

Ambiri timati ndi mano a mkaka, agwa okha. Inde agwa, koma liti? Mwana amakhala ndi mano 20, ndipo akumbuyo aja amakhala m'kamwa mpaka zaka 10 kapena 12. Amasungira malo mano aakulu amene akubwera pansi pake. Mukazula msanga, oyandikana nawo amapendekera m'mpatamo, dzino lalikulu n'kumera mokhota. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'ichi: mwana akafika zaka 6, kumbuyo kwenikweni kumamera dzino lalikulu popanda lina kugwa. Makolo amaliyesa la mkaka, amalilekerera kuti libooke, wina n'kulizula. Limenelo silimeranso, aise. Lapita basi.

Ndiye munthu womudalira timudziwa bwanji? Kwa ine choyamba ndi pepala. Aliyense wogwira ntchito ya mano m'Malawi muno, kaya ndi dokotala kaya ndi dental therapist, amayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi. Ngati ndi kiliniki yolipira, funsani chiphasocho. Si mwano. Akakwiya ndi funsolo, nyamulani mwana muzipita. Ku zipatala za boma monga Mangochi, Salima ndi Nkhotakota kuli mbali ya mano, ndipo amene mumawapeza kumeneko ambiri ndi ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Madokotala a mano enieni ndi ochepa kwambiri dziko lino. Maphunziro a digiri ya mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ili mu KUHeS. Choncho musamunyoze therapist, ntchitoyo anaiphunzira.

Kenako yang'anani manja ndi zida. Wavala magolovesi atsopano? Singano waitsegula inu mukuona? Zida zimayenera kuphikidwa m'makina ake, osati kungoviika m'beseni la madzi ofunda n'kupukuta ndi kansalu. Matenda a chiwindi a hepatitis B amayenda ndi magazi otsalira pa chitsulo, ndipo mwana wamng'ono akawatenga angathe kukhala nawo moyo wonse.

Koma chimene ine ndimachiona kwambiri ndi momwe munthuyo akuyankhulira ndi mwana. Wabwino amayamba wam'funsa dzina, kumuonetsa kagalasi kaja, kuwerenga naye mano. Amakuuzani inu kholo ngati dzinolo lingamatidwe kapena lafika pozula, ndi chifukwa chake. Amabaya jakisoni wa dzanzi n'kudikira kuti agwire. Amene amangoti "m'gwireni miyendo" asanayang'ane n'komwe, ameneyo akum'bzala mwana mantha oti adzafika nawo pa ukulu, azidzapirira dzino lowola m'malo mopita kuchipatala. Nafenso tisiye kuopseza ana kuti "ukavuta ndikakubayitsa".

Ndikudziwa mundiuza za thiransipoti. Kuchoka ku Makanjira kapena ku Chembe kukafika pa boma si masewera, makamaka mwera ukawomba sabata yonse, usipa osagwidwa, m'thumba muli mbee. Mukafikanso mzere wautali. Zoona. Koma zothira madzi a batire kapena mafuta a buleki pa dzino la mwana, chonde ayi, zimawotcha nkhama. Asipirini musam'patse mwana. Panado wa ana angam'thandize usiku umenewo, m'mawa ulendo. Tsaya likatupa, thupi n'kutentha, musadikire kuti nsomba zigulidwe kaye. Bwerekani ndalama, chifukwa mafinya a dzino amatha kutsikira kukhosi.

Pakhomo, kolugeti wa fluoride kawiri pa tsiku, kadontho ngati kambewu ka mpunga kwa wosakwana zaka 3. Ndipo amalume ochokera kunyanja, m'malo mwa maswiti ndi mafirizi tsiku lililonse, m'bweretsereni mwanayo usipa.