Wamkulu kwa Ndani?

Tinaonera filimu ya Alexander, imene Oliver Stone anapanga m'caka ca 2004. Alexander anali mfumu ya ku Macedonia. Anagonjetsa maiko ambiri, kuyambira ku Greece mpaka ku India. Anamwalira ku Babylon m'caka ca 323 Yesu asanabadwe, ali ndi zaka 32. Mabuku amamucha "Wamkulu".

Filimuyi ndi yokongola. Akavalo akuthamanga, njovu zikulira, mikondo ikung'anima. Ena mwa ife anaomba m'manja. Koma titatuluka tinafunsana: kodi taombera ciani?

Poyamba tione amene akusimba nkhaniyi. Ndi nkhalamba yochedwa Ptolemy. Iyeyu anali mkulu wa asilikali a Alexander. Mbuye wake atafa, anatenga dziko la Egypt nakhala mfumu. Munthu amene anadya nawo nyama sanganene kuti mbuzi inali yakuba.

Tsono tione zimene filimu siionetsa. M'caka ca 335 Yesu asanabadwe, mzinda wa Thebes unakana ulamuliro wa Alexander. Iye anaugumula wonse. Olemba akale amati anthu 6,000 anaphedwa ndipo 30,000 anagulitsidwa ngati akapolo. M'filimu, Thebes amangouchula ndi mau ocepa. Sitiona mayi akulandidwa mwana. Patapita zaka zitatu, anazinga mzinda wa Tyre miyezi 7. Kumenekonso otsala anagulitsidwa.

Ife ndife alimi, ndipo funso lathu ndi la alimi. Pa nkhondo ya ku Gaugamela, m'caka ca 331, Alexander anali ndi asilikali oposa 40,000. Anthu amenewa analibe munda. Nanga ankadya ciani? Ankadya tirigu wa m'nkhokwe za eni dziko. Akavalo ao ankadya barele amene wina analimira ana ake. Gulu likadutsa, njala inkatsala m'mudzi. Mlimi ameneyo alibe dzina m'filimu.

Ena amati: "Koma anamanga mizinda, monga Alexandria." Nzoona, anamanga. Nanga anasenza miyala ndani? Kodi mzinda watsopano umaukitsa anthu a mzinda umene unagumulidwa?

Ngakhale asilikali ake omwe anatopa. M'caka ca 326, pa mtsinje wa Hyphasis ku India, anakana kupitirira. Anali atayenda zaka 8 kutali ndi kwao. Mfumu inakwiya, inadzitsekera m'hema, koma pomaliza inabwerera. Apa tikuphunzira kuti mfumu payokha siigonjetsa ngakhale mudzi umodzi. Mphamvu zake zili m'miyendo ya anthu wamba.

Anzathu, sitikunena kuti musaonere filimuyi. Ionereni. Koma munthu wolanda minda ndi kugulitsa anthu sitimucha wamkulu cifukwa cakuti analanda zambiri. Wakuba nkhuku imodzi timamugwira. Nanga wakuba maiko timuombera m'manja bwanji?

Tikamva nkhani ya wogonjetsa, tizifunsa mafunso atatu. Akusimba ndani? Analira ndani? Nkhokwe inali ya yani?