ZA M'MAIKO ENA: Alendo a m'Matope a ku Dublin

Pamene mvula yakhazikika muno m'Zambia ndipo alimi ali pa kalikiliki kupalira cimanga, ku maiko a kumpoto kwa Ulaya kumakhala nyengo ya cisanu. Mu mzinda wa Dublin, likulu la dziko la Ireland, m'mwezi wa Disembala dzuwa limaturuka itapitirira hafu pasiti 8 mamawa ndi kulowa 4 koloko itangokwana. Komabe m'masiku afupi ndi ozizira amenewa pali anthu, akulu ndi ana omwe, amene amabvala zikhoti zocindikala, natenga magalasi oonera patali ndi kabuku kolembamo, nayenda pansi m'mbali mwa nyanja kukaona mbalame. Satenga mfuti, legeni kapena ulimbo ai. Cao ndi kuona, kuzindikira mtundu wa mbalame ndi kuziwerenga.

Mzindawu uli pa mathiriro a mitsinje ya Liffey ndi Tolka, pomwe madzi ace amalowa m'nyanja yamcere. Nyanja yamcere siikhala bata ngati dziwe. Cifukwa ca mphamvu ya mwezi, madzi ace amasefukira kumtunda ndi kubwereranso kawiri pa tsiku. Akabwerera amasiya cigwa cacikuru ca matope ndi mcenga, cimene munthu wosadziwa angaciyese malo acabe. Koma m'matopemo muli nyongolotsi, nkhono ndi tizirombo tosawerengeka, ndipo ndiyo nkhokwe ya mbalame zocokera kutali.

Malo ochuka kwa oyenda pansiwa ndi cisumbu ca North Bull, cimene mbiri yace ndi yodabwitsa. Kale mcenga unali kutseka khomo la doko, zombo ndi kumatitimira. Tsono anamanga khoma lalitali la miyala lochedwa Bull Wall, limene linatha m'caka ca 1825, kuti madzi pobwerera azikokolola mcengawo. Mcenga unayamba kuunjikana kuseri kwa khomalo, udzu unamera, ndipo lero pali cisumbu cotalika makilomita 5. M'zaka za m'ma 1930 Boma linacipatula kukhala malo osungirako mbalame, ndipo mu 1981 bungwe la UNESCO linaciika pa mndandanda wa malo ofunika a cilengedwe. Munthu amayenda m'mbali mwa nyanja kucokera ku Clontarf, naoloka pa ulalo wamatabwa, nafika pa cisumbuco.

Wodziwa nchito imeneyi sanyamuka cinyamukire. Amayamba waona nthawi imene madzi adzasefukira, nafika patatsala maora awiri, popeza madzi akamakwera amakankhira mbalame pafupi ndi gombe. Amaima cete, dzuwa liri kumbuyo kwace, nayang'ana milomo, pakuti mlomo ndiwo umaulula dzina ndi cakudya ca mbalame. Imene Angerezi amaicha curlew iri ndi mlomo wautali wokhota, wozulira nyongolotsi zozama. Godwit, yocokera ku Iceland, mlomo wace ndi wautali koma woongoka. Oystercatcher, yakuda ndi yoyera, imaswa nkhono ndi mlomo wace wofiira, pamene timbalame tating'ono ta dunlin timatola za pamwamba. Motero mitundu yambiri imadyera m'mbale imodzi popanda kulandana. Pakati pa izo pamaima mbalame yoyera mbee ya mtundu wa akakowa, imene inayamba kuswana m'Ireland mu 1997.

Koma alendo olemekezeka koposa ndi atsekwe aang'ono a khosi lakuda ochedwa brent. Amenewa amaikira mazira pa zisumbu za kumpoto kwenikweni kwa Canada, kumene cirimwe ndi ca masabata owerengeka. Cisanu cikayandikira amauluka pamwamba pa madzi oundana a Greenland, napumula ku Iceland, nafika ku Ireland m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala. Pafupifupi mtundu wonsewu, atsekwe oposa 30,000, umathera cisanu m'dziko limodzi lomweli. Amayamba ndi udzu wa m'nyanja, ndipo ukatha amalowa mu mzinda kukadya kapinga wa m'mabwalo a mpira, madzulo ndi kubwerera ku nyanja kukagona. Banja limayenda pamodzi. Ana a caka cimeneco amadziwika ndi timizere toyera pa mapiko, ndipo powerenga anawo anthu a ku Dublin amadziwa ngati kuswana kunayenda bwino ku Canada. Ena mwa atsekwewa anabvekedwa mphete za zilembo ku miyendo, kotero kuti tsekwe mmodzi amazindikirika caka ndi caka. Mu Epulo onse amanyamuka. Paja akuluakulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka.

Wina angafunse kuti phindu la kuwerenga mbalame zosadyedwa ndi ciani. Kuyambira m'caka ca 1994 anthu odzipereka, motsogozedwa ndi bungwe la BirdWatch Ireland, amawerenga mbalame za m'madzi mwezi ndi mwezi m'nyengo ya cisanu, ndipo ziwerengerozo zimaonetsa zimene maso a tsiku limodzi sangaone. Nkhani ya curlew ndi phunziro lowawa. M'nyengo ya cisanu imaoneka yambiri pa matope, cifukwa zambiri ndi zocokera ku maiko ena. Koma zoswana m'Ireland momwemo, zimene kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zinali mabanja oposa 3,000, zinapezeka mabanja 138 okha pa kalembera wa 2015 mpaka 2017. Madambo amene zinali kuikirako mazira anaumitsidwa ndi ngalande, ena anabzalidwa mitengo ya matabwa. Pakadapanda owerenga, mbalameyi ikadatha anthu ali kuyesa kuti ikadalipo.

Ziwerengero zimakhalanso umboni pa mirandu. Akulu a doko la Dublin anafuna kukwirira mahekitala 21 a gombe kuti akulitse doko, koma mu 2010 bungwe loweruza za mamangidwe linakana, poteteza malo odyerako mbalame. Bvuto lina ndi laling'ono pomveka koma la tsiku ndi tsiku, ndilo agaru osamangidwa. Mbalame ikadzidzimutsidwa imauluka ndi kutaya mphamvu imene yasonkhanitsa m'maora ocepa a usana, ndipo tsekwe woonda sangathe ulendo wa ku Canada. Cifukwa cace eni agaru amapemphedwa kuwagwira pa cingwe.

Nkhani imeneyi si ya kutali monga imamvekera. Pamene atsekwe afika ku Dublin, anamzeze amene anaswana ku Ulaya amakhala atacokako kudza kum'mwera kwa Afirika. Ambiri mwa anamzeze amene amazungulira pamwamba pa minda ya m'Zambia m'nyengo ya dzinja ndi alendo oterewa, ndipo amadya tizirombo touluka nagona m'mabango a m'madambo. Pangano la maiko losunga madambo, losainidwa ku Ramsar m'dziko la Iran mu 1971, limachula cisumbu ca North Bull pamodzi ndi cigwa ca Kafue ndi madambo a Bangweulu, amene analowamo mu 1991, ndi cigwa ca Luangwa, cimene cinalowamo mu 2007.

Mbalame ya paulendo imafuna malo onse a m'njira yace, ndipo amodzi akaonongeka imasowa ku maiko onse. Mudzi umene usiya mabango ena osatentha, nuletsa anyamata kuchera ulimbo pogona mbalame, ukugwira nchito imodzi ndi anthu oyenda m'cisanu ku Dublin. Ndipo ana a sukulu amene angalembe m'kope tsiku limene anamzeze afika caka ciri conse adzasiyira a m'tsogolo mbiri imene palibe wina angawalembere.