Thabwa Limaola Kuyambira Kosaoneka

Ife a ku Msundwe tili kutali ndi nyanja, komabe amisiri okhoma ngalaŵa ku Salima ndi ku Nkhotakota ali ndi nzeru yotithandiza. Matabwa oyalidwa pansi m'kachipinda ka ngalaŵa amapondedwa tsiku ndi tsiku ndi mapazi onyoŵa ndi amchenga. Mchengawo umakanda vanishi, madzi naloŵerera pokandikapo, thabwa n'kuyamba kuda.

Kale ngalaŵa zina zinkakhomedwa ndi mkungudza wa ku Mulanje, umene suola msanga ndipo chiswe chimaupeŵa. Mtengowu unatchedwa mtengo wa fuko lathu mu 1984, koma lero watsala pang'ono kutha. Ambirife tatsala ndi paini ndi bulugama, ndipo paini sakhululukira ulesi.

Mmisiri wosamala amayamba wazula matabwawo naŵaumitsa pamthunzi, pakuti padzuŵa amapindika ndi kung'aluka. Kupaka vanishi pa thabwa lonyoŵa ndiko kutsekera madzi m'kati. Likauma amalipala ndi sandipepa motsata mitsempha yake, napukuta fumbi lonse. Vanishi woyamba amamsungunula pang'ono kuti aloŵe m'thabwa. Akauma, amapalanso mopepuka napaka kaŵiri kapena katatu. Chimene ambiri amanyalanyaza ndi kunsi ndi m'mapeto modulidwa, chikhalirecho m'menemo ndimo thabwa limamwera madzi koposa.

Achinyamata, tembenuzani mabenchi a m'tchalitchi ndi madesiki a kusukulu, muone miyendo yake. Makolo, gwirani kunsi kwa chitseko chanu. Ntchitoyi ichitike mu Seputembala kapena Okutobala, mvula isanagwe.